Kuona Wekha ndi Kuona Pagulu

Mipingo ndi mizikiti ya m'dziko muno yayamba kukumana ndi funso limene ambiri safuna kulitchula poyera. Ngati ulaliki womwewo ukumveka pa wailesi, pa kanema ndi pa foni, munthu wa ku Chitala alawirirenji m'mawa, kusamba, kuvala, n'kuyenda mtunda padzuwa loswa mtengo la ku Salima kuti akaumve ali pakati pa anzake? Mawu ndi omwewo, Mulungu ndi yemweyo, ndipo kunyumba kulibe khanda lolira kapena nkhalamba yotsokomola pakati pa pemphero. Funsoli likuoneka ngati la chipembedzo chokha, koma pansi pake pagona lina lakale kwambiri: kodi chimene munthu amaona ali yekha n'chofanana ndi chimene amaona ali pagulu? Ine ndikuti n'zosiyana, ndipo kusiyanako n'kwakukulu moti mtundu umene waiwala kuonera pamodzi umataya gawo la nzeru zake ndi gawo la chikumbumtima chake. Umboni wa zimenezi ulipo m'mbiri ya mabwalo awiri a kanema wa panja. Bwalo lina linali lija anthu ankapitako pa magalimoto awo n'kuonera ali m'kati, lotchedwa drive-in. Linalo ndi limene midzi ngati ya ku Chitala inkalidziwa, pamene galimoto ndiyo inkabwera ndi kanema kwa anthu oyenda pansi.

Drive-in yoyamba inatsegulidwa pa 6 June 1933 ku Camden, New Jersey, ku America. Mwini wake, Richard Hollingshead, anayamba wayesera kuseri kwa nyumba yake, atakhomera nsalu yoyera pa mitengo n'kuika makina oonetsera a Kodak pa boneti ya galimoto. Atatsimikiza kuti zitheka, anakonza bwalo la magalimoto pafupifupi 400, analiumba mizere ya timitumbira kuti galimoto iliyonse izitukula mphuno n'kuona chinsalu popanda kutchingidwa ndi ya patsogolo. Pambuyo pake panabwera timitengo tachitsulo tokhala ndi kachimkuzamawu kamene woyendetsa ankakakoleka pa windo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, anthu ambiri a ku America anagula magalimoto n'kubereka ana ambiri, ndipo pofika 1958 mabwalo otere anali atapitirira 4,000, ochuluka a iwo m'mphepete mwa matauni ang'onoang'ono kumene malo anali otsika mtengo. Chimene chinkakopa anthu n'chodziwikiratu. Ukhoza kubwera ndi khanda, ukhoza kubwera osasamba, ukhoza kusuta, kudya ndi kulankhula, ndipo palibe amene angakuyang'ane ndi diso. Lero ku America kwatsala mabwalo pafupifupi 300 okha. Enawo anasanduka masitolo akuluakulu, misika, nyumba zogona, kapena angokhala tchire lokhala ndi chigoba cha chinsalu chitaima chokha.

Olemba mbiri amati chinawapha ndi wailesi yakanema, matepi a vidiyo, kukwera mtengo kwa mafuta kuyambira 1973, ndi kukwera mtengo kwa malo pamene matauni ankakula. Zonsezi n'zoona. Koma pali chifukwa china chimene chinali m'kati mwa drive-in kuyambira tsiku loyamba. Chimene inkagulitsa kwenikweni chinali mwayi wokhala pafupi ndi anthu popanda kukhudzana nawo. Banja lililonse linali m'chitsulo chake, magalasi otseka, mawu akeake pa windo. Munthu wa m'galimoto ya kumanja akalira, wa kumanzere sankadziwa. Ndiye pamene wailesi yakanema inabwera n'kunena kuti mpanda womwewo ndikupatsani osachoka pakhomo, drive-in inalibe choyankha, pakuti chinthu chimodzi chimene pabalaza sipangapereke, ndiko kukhala phewa ndi phewa ndi munthu amene sunamusankhe, inali itachitaya kale. Kum'mwera kwa Africa kuno mpandawo unali wokhuthala koposa. Amalawi amene anakhalapo ku Johannesburg amakumbukira Top Star, drive-in imene inali pamwamba pa chimulu cha mchenga wa mumgodi wa golide, chinsalu chake chikuonekera patali mumzinda. M'nthawi ya tsankho inali ya azungu, ngakhale kuti chimulucho chinakwera ndi thukuta la anthu akuda. Inatsekedwa mu 2006, ndipo chimulucho chinagumulidwa kuti asefe golide wotsalira. Kwathu kuno mabwalo otere anali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo chiphaso chenicheni cholowera chinali galimoto, chinthu chimene Amalawi ochepa kwambiri anali nacho.

Ku Chitala, dera la alimi a thonje, mtedza ndi chimanga, lodziwika ndi malo ake ofufuzira za ulimi, kanema anafika mwa njira ina. Kuyambira 1935 mpaka 1937, ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yoyendetsedwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham pa ndalama za Carnegie Corporation, inkazungulira ndi lole m'maiko a kuno, kuphatikizapo Nyasaland, kuonetsa mafilimu ophunzitsa. Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit, imene inkapanga mafilimu a anthu a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja. Ufulu utabwera mu 1964, boma linapitiriza ndi magalimoto a nthambi yofalitsa nkhani ndi magalimoto achikasu a unduna wa zaulimi, amene ankafika m'midzi ndi mafilimu komanso zidole zophunzitsa ulimi. Ndipo popeza dziko lino linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999, kwa anthu ambiri akumudzi kanema yense wa pa moyo wawo anali ameneyu. Galimotoyo inkafika masana m'chilimwe, pamene misewu ndi youma, ikulengeza pa chimkuzamawu, ana akuithamangira m'fumbi. Madzulo chinsalu chinkaimikidwa pa bwalo la sukulu kapena pafupi ndi msika, jenereta n'kulira. Ana ankakhala pansi kutsogolo miyendo itapindidwa, amayi mbali imodzi atayala zitenje makanda ali pamsana, abambo chilili kumbuyo, a mfumu pampando. Tizilombo touluka tinkadzaza mu mzere wa kuwala wochoka pa makina. Osowa malo ankazungulira kuseri kwa chinsalu n'kuonera komweko, kumene dzanja lamanja la munthu wa mufilimu linkaoneka lamanzere.

Pa bwalo limeneli panalibe chete. Wina akapanda kumva, woyandikana naye ankamufotokozera. Mlimi wa mufilimu akagwira khasu molakwika, amayi ankaseka mokweza, ndipo aliyense ankadziwa kuti ameneyo sanalimepo. Mlangizi wa pa chinsalu akati poperani thonje kangapo, mawu ankatuluka mumdima kufunsa kuti mankhwalawo agula ndani. Zoipa zikachitika mufilimu, panali kung'ung'udza kwa akuluakulu, ndipo mwana wokhala kutsogolo ankaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: chimene chachitika, ndi mmene anthu a kwawo amachionera. Apa ndiye pagona nkhani yanga. Munthu akaona chinthu ali yekha, amachiona ndi nzeru zake zokha, mantha ake okha, chilakolako chake chokha, ndipo palibe womubweza akasochera. Akachiona pagulu, amaona chinthucho, amaonanso nkhope za ena akuchiona, ndipo amadziwa kuti nayenso akuonedwa. Mawa lake pa chitsime sanganame kuti zinali mwakuti, chifukwa mboni zilipo mudzi wonse. Choonadi chimene anthu ambiri achiona pamodzi chimakhala ndi ochisunga. N'chifukwa chake milandu ya kwathu siweruzidwa m'chipinda koma pa bwalo, ndipo ukwati umene ulibe ankhoswe sitiutcha ukwati, ngakhale awiriwo atakondana chotani.

Wina adzati ndikukometsa chinthu chimene chinali chida cha olamulira. Ali ndi mfundo, ndipo siyenera kupeputsidwa. Mafilimu a atsamunda ankapangidwa ndi anthu okhulupirira kuti Mwafirika ndi mwana woti azilankhulidwa pang'onopang'ono, ndipo ambiri ankabwereza nthano imodzi ya mlimi wanzeru womvera boma ndi mlimi wopusa wosamvera. Mafilimu a nthawi ya chipani chimodzi ankadzaza ndi maulendo a Dr. Kamuzu Banda oyendera minda, ndipo lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa linapatsa bungwe la boma mphamvu yodula kapena kuletsa chilichonse chimene silinachikonde. Anthu sankasankha choti aone. Koma taonani chimene chinkachitika chida chimenechi chikafika pa gulu. Akuluakulu a boma la atsamunda ankadandaula kawirikawiri kuti Aafirika amaseka posayenera, ndipo ankati n'chifukwa cha umbuli, pamene nthawi zambiri kusekako kunali chiweruzo. Hortense Powdermaker, amene anachita kafukufuku ku Luanshya m'migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia m'zaka za 1953 ndi 1954, anapeza anthu pa kanema wa panja akukuwa, kuyankha ndi kumasulira okha zimene ankaona, mosatsata maganizo a opanga filimu. Ngakhale m'masiku a mantha, pamene kunena poyera kunali kuika moyo pachiswe, munthu ankamva kuti kuwomba m'manja kwa usiku uno n'kozizira, n'kudziwa kuti si iye yekha amene akukayika. Wofuna kunyenga anthu amapeza ntchito yosavuta akamalankhula ndi aliyense payekha, chifukwa amatha kuuza uyu zina, uyo zina, popanda woyerekeza. Foni ya lero imachita zimenezi usana ndi usiku: imaphunzira chimene chimakukoka, n'kumakupatsa chomwecho, ndipo mnzako wogona naye nyumba imodzi sadziwa chimene wadya ndi maso.

Kuti nkhaniyi ikhudza chipembedzo, mbiri ya drive-in yomweyo ikuonetsa. Mu 1955 mbusa wina wa Reformed Church in America, Robert Schuller, atasowa nyumba yopemphereramo ku California, anachita lendi Orange Drive-In n'kumalalikira Lamulungu m'mawa ataima padenga la kanyumba kogulitsiramo zakudya, anthu akumvera m'magalimoto. Mpingo wake ndi wa mtundu umodzi ndi uja wa Dutch Reformed umene amishoni ake anafika pa Mvera mu 1889, pa njira ya pakati pa Salima ndi Lilongwe, n'kubala Sinodi ya Nkhoma. Ntchito ya Schuller inakula msanga. Mu 1961 anatsegula tchalitchi ku Garden Grove chomangidwa mwakuti ena akhale m'kati, ena atsale m'magalimoto panja. Mu 1970 anayamba pologalamu ya pa wailesi yakanema yotchedwa Hour of Power, imene inkaonedwa m'maiko ambiri, ndipo mu 1980 anatsiriza chinyumba chagalasi chotchedwa Crystal Cathedral. Koma mu 2010 mpingowo unalengeza kuti walephera kubweza ngongole, chinyumbacho chinagulidwa ndi dayosizi ya Katolika ya Orange, ndipo chinadalitsidwa mu 2019 ndi dzina latsopano la Christ Cathedral. Zifukwa za kugwako zinali zingapo, kuphatikizapo ngongole ndi kusamvana pa za wolowa m'malo mwa mbusayo. Komabe njira yake ikuoneka bwino: kuchokera m'galimoto kupita pabalaza, omvera akuchuluka, koma omangirirana akuchepa. Anthu mamiliyoni ankadziwa nkhope ya mlaliki, koma sankadziwana okhaokha, ndipo mlalikiyo atakalamba panalibe chingwe china chowagwira.

Zipembedzo zonse zimene zili m'mbali mwa nyanja ya ku Salima zinakana njira imeneyi kalekale, ngakhale zimasiyana pa zambiri. Msilamu akhoza kuswali yekha m'munda kapena m'bwato, koma swala ya Lachisanu siichitika munthu ali yekha. Amaima m'mizere phewa kukhudza phewa, mwini sitolo pambali pa msodzi, ndipo pa Eid amatuluka kukaswali pa bwalo poyera. Mkhristu akhoza kumva Mawu pa wailesi, koma mgonero wa Ambuye sudutsa mu waya, ndipo ubatizo umafuna madzi enieni ndi mboni zenizeni. Akatolika a m'dziko muno, m'zaka za m'ma 1970 pamene Patrick Kalilombe anali episkopi wa Lilongwe, anaika mtima pa miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana, pozindikira kuti ngakhale tchalitchi chodzaza chikhoza kukhala cha anthu osadziwana. Makolo athu Achewa, mvula ikakana, sankauza munthu aliyense kuti apemphe Chauta kuseri kwa nyumba yake. Khomo lililonse linkasonkha ufa kapena chimera, nsembe n'kukathiridwa pa kachisi m'dzina la onse, ndipo kachisi wamkulu ngati wa ku Msinja, kumene kunali Makewana, ankasenza madandaulo a dziko lonse. Ngakhale Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, savinidwa pamaso pa anthu ongoyang'ana: popanda amayi oyimba ndi kuwomba m'manja, gule sayenda. Miyambo yosiyana chonchi ikagwirizana pa chinthu chimodzi, ndi bwino kuganiza kuti inaona kanthu koona pa chibadwa cha munthu.

Koma wokhulupirira wina, woona mtima, adzafunsa kuti: kodi Mulungu sali paliponse? Kodi Yesu sanaphunzitse kuti pemphero labwino ndi la m'chipinda chotseka, osati la pamphambano pofuna kuonedwa? Kodi Mose sanakumane ndi Mulungu ali yekha ku chipululu, ndipo Mtumiki Muhammad sanalandire chivumbulutso ali yekha m'phanga la Hira? Mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa ija ya olamulira, chifukwa ikuchokera m'kati mwa chikhulupiriro. Ndikuvomera kuti pali zinthu zimene munthu samva pokhapokha atachoka pa phokoso, ndipo chipembedzo cha pagulu chokha chimabala achiphamaso. Koma kukhala wekha kumene aneneri ankakufuna kunali kwa munthu wopanda chomusangalatsa, wamaliseche pamaso pa Mlengi, ndi njala, ndi mdima, ndi chikumbumtima chake. Munthu wogona pamphasa foni ili pamphuno sali pa yekha wa mtundu umenewo. Wathawa anthu, wathawanso chete. Ali m'galimoto ija ya magalasi otseka, pamene angathe kusintha mlaliki ndi chala akangomva mawu omulasa. Komanso palibe mneneri amene anatsalira kuchipululu. Mose anabwerera kwa anthu ovuta, odandaula, ndipo chimene anaona pa phiri chinayesedwa pakati pawo. Masomphenya amene sangapirire kufunsidwa ndi gulu ndi oopsa, ndipo dziko lino laona mokwanira anthu akutaya ndalama ndi kusiya mankhwala chifukwa cha mneneri wa pa kanema amene sanakhalepo nawo pa maliro ngakhale amodzi.

Chotsutsa chachitatu ndi chimene chimandivuta mtima, ndipo sindingachidumphe. Gulu limaphanso. Mu January 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a kwawo powaganizira ufiti. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira madera ena a kum'mwera, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu okwiya. Amene anachita zimenezi anaona pamodzi, anakhulupirira pamodzi, ndipo palibe amene anabweza mnzake. Ndiye kodi si bwino munthu aziona yekha, aziganiza yekha? Yankho langa ndi lakuti chipwirikiti ndi bwalo si chinthu chimodzi, ngakhale zonse zili ndi anthu ambiri. Pa bwalo aliyense ali ndi malo ake ndi dzina lake, akulu alipo, pali nthawi yoyambira ndi yomalizira, ndipo wolankhula amadziwa kuti mawa adzafunsidwa. M'chipwirikiti nkhope zimasungunuka, mwala umaponyedwa ndi dzanja lopanda mwini, ndipo aliyense amabwera atagamula kale mumtima mwake chifukwa cha mphekesera imene inamupeza m'khutu kapena pa foni. Kudziletsa pakati pa anthu ambiri ndi luso, ndipo luso limaphunziridwa pochita. Mwana amene wakula akukhala pansi pa bwalo, kudikira, kumva wamkulu akuti khalani chete, kuona anthu akutsutsana popanda kumenyana, amakhala ndi chomugwira tsiku limene mudzi watentha. Tikachotsa misonkhano yonse yamtendere, magulu sadzatha. Padzangotsala a mkwiyo okha, odzaza ndi anthu amene sanaphunzirepo kukhala pamodzi.

Pali anthu amene wailesi ndi foni zinawatsegulira khomo lotsekeka, ndipo kuwaiwala kungakhale nkhanza. Nkhalamba yosayenda imene imamva Misa pa Radio Maria, wodwala wogonekedwa m'chipatala, mnyamata wa ku Salima wogwira ntchito ku Cape Town amene amaonera maliro a mayi ake pa WhatsApp, onsewa alandira chifundo chenicheni. Mu March 2020, boma litaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100 chifukwa cha Covid-19, mapemphero a pa wailesi anasunga anthu ambiri, ndipo m'maiko olemera mipingo ina inabwereranso ku mapemphero a m'magalimoto. Koma funsani mnyamata uja ngati kuonera pa foni kunamukwanira. Amadziwa kuti sanagwire khasu kumanda, sanagone pa siwa, sanamve dzanja la amalume paphewa, ndipo adzasunga ndalama kuti abwere pa mwambo wa chiliza. Ndodo ndi yabwino kwa wothyoka mwendo, koma wamiyendo yabwino akaizolowera amaiwala kuyenda. Pakati pa bwalo lakale ndi foni panadutsa nyumba za vidiyo, zisakasa zamdima za m'misika zokhala ndi mabenchi, mmene anyamata amalipira kandalama kuti aone mpira wa ku England kapena filimu yomasuliridwa m'Chichewa. Makolo ndi aphunzitsi akhala akuzidandaula, ndipo nthawi zina mpake. Chimene chinalakwika m'menemo si kusonkhana ayi, koma kuti msonkhanowo unatsala wa msinkhu umodzi: agogo mulibe, amayi mulibe, ndipo palibe wong'ung'udza zoipa zikaoneka. Filimu ya moyo wa Yesu ya 1979, imene mipingo yakhala ikuionetsa m'Chichewa pa mabwalo a midzi, imakumbukiridwa ndi ambiri chifukwa mudzi wonse unkalira pamodzi pofika pa mtanda, ndipo mwana ankaona bambo ake akupukuta m'maso.

Kusonkhana kumafuna malo, ndipo apa mbiri ya drive-in ili ndi chenjezo lomaliza limene likutikhudza mwachindunji. Bwalo ndi malo opanda kanthu, ndipo kupanda kanthuko ndiyo ntchito yake. Kwa wowerengera ndalama, malo amene masana onse amangokhala fumbi ndi mbuzi ndi malo otayika. Eni ma drive-in a ku America anagulitsa chifukwa sitolo imabweza ndalama tsiku lililonse pamene chinsalu chinkagwira ntchito usiku wokha, ndipo Top Star inagwa chifukwa mchenga wa pansi pake unali ndi mtengo kuposa anthu a pamwamba pake. M'boma la Salima anthu achuluka, minda yachepa, magombe ena a nyanja atchingidwa ndi mipanda ya malo ogona alendo, ndipo m'misika ya m'mbali mwa msewu malo alionse oyera amayang'anidwa ngati puloti. Lamulo la malo a makolo la 2016 limapatsa munthu njira yolembetsera malo ake, zimene n'zabwino kwa mlimi ndi kwa mayi wamasiye. Koma munda uli ndi mwini woulankhulira, pamene bwalo, poti ndi la onse, nthawi zambiri lilibe amene angalimenyere nkhondo likayamba kudyedwa m'mbali, mzere wa njerwa chaka chino, kagolosale chaka chamawa. Mafumu, makomiti a malo, mipingo ndi mizikiti ya ku Chitala ndi madera ena otere ndiwo angathe kulemba malire a mabwalo amene atsala, kuwadzala mitengo m'mbali, ndi kuwagwiritsa ntchito kawirikawiri kuti wofuna kugula apeze anthu alipo. Makina oonetsera kanema lero ndi aang'ono, amayendera batire ya sola, ndipo sukulu kapena mpingo ukhoza kukhala nawo popanda kudikira galimoto ya boma, n'kusankha wokha choti anthu aone ndi kukambirana filimu ikatha.